Alamu anga akufuna kutenga mwana wanga ku Joni

Agogo,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilobwe mu Blantyre. Bambo a anawa anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Chichitikireni maliro, mchemwali wawo wa ku Johannesburg ndi amene wakhala akutithandiza. Mwezi ndi mwezi amatumiza kangachepe pa Mukuru, ndipo lendi ndimalipira ndi ndalama imeneyo. Ine ndimangokazinga mandasi pamsewu.

Pano alamu angawa akuti ndiwapatse mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka 13 yemwe ali Sitandade 7, akamuphunzitse kumeneko. Akuti za pasipoti n'zochedwetsa, pali transipota amene amawapititsira ufa ndi usipa, ameneyo adzamutenga. Nditapempha kuti ndiyambe ndaganiza, anandilembera pa WhatsApp kuti sangamavutikire munthu wosayamika. Apongozi nawo akuti ndikumumana mwana mwayi. Alamuwa ali ndi khanda la miyezi isanu ndi itatu ndipo amaweruka usiku. Mwanayo wayamba kale kuuza anzake kuti akupita ku Joni. Nditani?

Mayi wa ku Chilobwe

Mwana wanga,

Za khanda mwazitchula kumapeto ngati zongodutsa, koma ndikudziwa kuti ndi zomwe zikukusowetsani tulo. Inenso ndaima pomwepo. Sindikunena kuti alamu anu ndi oipa, ayi. Munthu wolipira lendi ya mkazi wa malemu mchimwene wake kwa zaka ziwiri si wamba. Koma munthu wabwino yemweyo akatopa ndi thewera amatha kusakaniza zinthu ziwiri mumtima: kufuna kuphunzitsa mwana ndi kufuna womulerera khanda. Tawaona atsikana ambiri amene anachoka kumudzi kubwera ku Namiwawa kapena ku Sunnyside atalonjezedwa sukulu, n'kuthera pa mbale ndi mopu. Apo ndi mu Blantyre momwemuno, poti mayi akhoza kukwera minibasi kukamutenga. Nanga ku Joni?

Za transipota zokha kanitsitsani. Mwana si thumba la ufa. Ulendowo ndi wodutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mayiko awiri asanafike n'komwe ku South Africa, ndipo wopanda pasipoti amatsitsidwa chipata chisanafike n'kuzembetsedwa m'tchire ndi anthu amene inu simudzawaona nkhope. Taganizani mtsikana wa zaka 13 usiku m'mbali mwa mtsinje wa Limpopo. Komanso kuno kwathu kuli lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu la 2015, ndipo mwana akakathera pa ntchito m'malo mwa sukulu, mafunso apolisi sadzakulambalalani inu amene munamukweza galimoto.

Ngati nkhani ilidi sukulu, njira yake ilipo. Kalata ya kubadwa ya mwana mukatenge ku NRB, pasipoti ku Immigration. Alamu apeze sukulu imene ilembe kalata yoti yamulandira, alembenso yawo yovomera kumusunga, aonetse kuti iwo eni akukhala kumeneko movomerezeka, ndipo amulipirire inshuwalansi ya chipatala. Inu musayine kalata yolumbira kuti mwalola, muphatikizepo chikalata cha imfa ya bambo ake. Zonsezi zimapita ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe mwana asananyamuke. Musanamizidwe kuti angolowa ngati mlendo zina zikakonzedwa konko. Mmalawi wokacheza amapatsidwa masiku 30 okha, ndipo wopyoza amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ena mpaka zisanu.

Apa ndi pamene mudziwire mtima wa alamu. Afunseni mwaulemu dzina la sukuluyo, ndiponso amene azitsala ndi khanda mwana wanu akakhala m'kalasi. Akayankha bwinobwino n'kuyamba kuthamanga ndi mapepala, athokozeni. Akapsa mtima pa mafunso awiri okhawa, mwamva.

Musalimbane nawo nokha pa foni. Itanani atsibweni ake a mwanayu ndi ankhoswe a mbali zonse, apongozi akhalepo, alamu muwaimbire onse akumva. Mawu amene wamasiye akawanena amaoneka ngati mwano, akachokera kwa mwinimbumba amamveka. Pamenepo muperekenso ganizo lina: mwana amalize Sitandade 8, alembe mayeso a MANEB, ndipo ngati alamu ali ndi mtima womuphunzitsa, ndalama yomwe akanapatsa transipota ilipire fizi ku sekondale yogonera konko kuno kumudzi. Patchuthi azipita kukawaona ndi pasipoti yake m'manja.

N'kutheka kuti thandizo lija liima, sindikubisirani. Yambani lero kuyang'ana nyumba yotsikirapo mtengo, ndipo ngati kuli banki mkhonde kwanuko lowani, mandasiwo awonjezereke ndi tomato kapena makala.

Mtsikanayo mukhale naye pansi madzulo ano, azing'ono ake atagona. Musamuuze kuti azakhali ake ndi oipa. Muuzeni kuti ku Joni sikuthawa, koma adzapita ndi pasipoti yake, pa basi yonyamukira pa Wenela masana, inu mukumubayibitsa.

Agogo