Bowa wa siponji salimidwa m'thumba: dzalani mtengo wake, kapena limani oyisitala

Mayi, mwafunsa ngati bowa wonenepa uja wa m'mapaini a paphiri, amene kunsi kwa chipewa chake kuli timabowo tothinana ngati siponji m'malo mwa timizere, angalimidwe pakhomo m'matumba apulasitiki momwe anzanu akuchitira ndi bowa wa oyisitala. Ayi, sizitheka. Musawononge ndalama pa utuchi ndi matumba chifukwa cha iyeyu, ndipo wina akabwera ndi botolo n'kumati ndi mbewu yake, kachikwama kanu kakhale kotseka.

Nkhani yagona pa kadyedwe kake. Chimene timazula n'kuponya m'dengu ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi ulusi woyera wopyapyala umene umakhala m'nthaka chaka chonse, ngakhale m'chilimwe. Ulusi wa oyisitala umadya zinthu zakufa, monga mapesi, zitsononkho ndi masamba a nthochi ouma, n'chifukwa chake mukauthirira zimenezi m'thumba umakhuta n'kubala. Wa bowa wa siponji sutero. Umakulunga nsonga za timizu ta mtengo wamoyo, n'kumayamwa shuga amene masamba a mtengowo apanga, ndipo pobwezera umaufunira mtengo madzi ndi michere ya m'nthaka, makamaka fosifolasi. Mtengo ukadulidwa, bowayo amatha nawo. Komanso si mtengo uliwonse: wa m'mapaini amafuna paini, wa m'tchire la miombo amafuna mombo, msuku ndi anzake. Mango, mapeyala ndi magwafa a pakhomo sagwirizana naye. Manyame ndi ndelema nawonso moyo wawo uli pa mizu ya mitengo. Utale ndi manda ndiye nkhani ina, amenewo amalimidwa ndi chiswe m'chulu, ndipo munthu sanathebe kulanda ulimi umenewo.

Musaone ngati ndi kuchepa kwa zipangizo kwathu kuno. Ku Italy ndi ku France bowa wa mtundu umenewu wotchedwa porcini amagulidwa pamtengo wokwera, koma mpaka lero amachita kukamfuna m'nkhalango. Alipo mmodzi wakuda, Phlebopus portentosus, amene ku Yunnan m'dziko la China amamulima popanda mtengo, koma zimenezo zimachitikira m'mafakitale oyeza kutentha ndi chinyezi usana ndi usiku, osati pakhonde.

Ngati muli ndi malo komanso mtima wodikira, njira yake ndi kudzala mtengo umene bowayo amakhala nawo. Anthu a nazale za paini amadziwa kalekale kuti mbande za paini zimachita chikasu n'kupinimbira ngati m'machubu mulibe dothi lochokera pansi pa mapaini akuluakulu. Mbande za msuku nazonso zimapirira bwino zikalandira dothi la pansi pa msuku. Tapani dothi lapamwamba, osapitirira masentimita 10 kuya, pamalo pamene bowayo amamera, lomwe lili ndi timizu ndi ulusi woyera. Lisaume padzuwa, ndipo ligwiritsidwe ntchito masiku omwewo. Sakanizani gawo 1 la dothi limeneli ndi magawo 9 a dothi la m'machubu. Ngati malowo ali m'nkhalango yotetezedwa, yambani mwapempha ku ofesi ya zankhalango. A FRIM, bungwe la boma lofufuza za nkhalango, ali konkuno ku Zomba ndipo angakuunikireni za mbande. Njere za masuku zimafa msanga, fesani zikangochotsedwa m'chipatso.

Mungawonjezere mwayi ndi bowa wokalamba amene sangadyekenso. Chotsani siponji ya zipewa 3 kapena 4, muifinyefinye mu ndowa ya malita 10 ya madzi a mvula, n'kuthirira pamizu ya mbandezo tsiku lomwelo, nthaka ili yonyowa. Madzi apampopi ali ndi klorini, ndiye ngati mulibe ena, agone kaye usiku ndowa ili yosavindikira. Zimene zimapha ntchitoyi ndi zitatu: feteleza wokulitsa wambiri, chifukwa mtengo ukapeza fosifolasi mosavuta sulabadiranso bowa, mankhwala opopera ophera chiwawu ndi nkhungu, ndi kusesa kapena kutentha masamba ogwa pansi pa mtengo, zomwe zimaumitsa ulusi. Ngakhale mutsate zonsezi, muwerengere zaka zosachepera 3 mpaka 5, ndipo atha kumera bowa wina amene simunamuitane, kapena osamera n'komwe. Phindu lotsimikizika ndi masuku, nkhuni ndi matabwa. Bowa akabwera, ndi basela.

Pakadali pano, wa m'tchireyo musamaleni m'nyengo yake, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kudula ndi mpeni kapena kupotokola pozula, zonse zili bwino, bola mukwirire pamene mwazulapo ndipo musapalase ndi khasu. Bowa wa siponji amalowa mphutsi msanga, choncho mng'ambeni pakati tsiku lomwelo. Uja wa chipewa choterera wa m'mapaini msendeni khungu lonandalo, chifukwa limatsegula m'mimba anthu ena, ndipo siponji ikakhala yofewa ndi yodetsedwa ichotseninso. Dulani mapisi a mamilimita 5, yanikani pa thandala kapena pa sefa pamalo opita mphepo, osaunjika. Kunja kukachita mitambo masiku angapo, monga imachitira Zomba mu Januwale, ayanikeni pamwamba pa moto wa makala ozirala, apo ayi achita nkhungu. Auma bwino akamathyoka kuti thyo. Sungani m'botolo lotseka. Ndipo bowa aliyense wa siponji aphikidwe mpaka apse, asadyedwe wosapsa.

Pa za poizoni tisanyengererane. Kusintha mtundu kukhala wabuluu akadulidwa sikusonyeza kuti ndi woopsa kapena wabwino, ndipo kudyedwa ndi nkhono kapena anyani si umboni. M'mapaini mumameranso bowa wa timizere amene anabwera ndi mitengo yachilendoyi, ndipo wina amafanana ndi ndelema. Amene simukumudziwa ndi dzina, msiyeni. Munthu akayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba patapita maola 6 kapena kuposa atadya bowa, athamangire naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati wapezako bwino, chifukwa poizoni woteroyo amawononga chiwindi mwakachetechete. Tengani bowa wotsalayo akamuone.

Koma ngati cholinga chanu ndi ndiwo ndi kandalama chaka chomwe chino, limani oyisitala. Mbewu yodalirika funsani kumalo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe, ku koleji ya zaulimi ya Bunda kapena ku dipatimenti ya sayansi ya zamoyo ku University of Malawi, yomwe kale inkatchedwa Chancellor College. Ikhale yoyera mbee, yonunkhira bowa, yopanda mawanga obiriwira kapena akuda. Dulani mapesi ouma tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5, muwanyike usiku wonse, kenako muwaphike ndi nthunzi mu mgolo kwa maola 2 kuwerengera pamene nthunzi yayamba kutuluka. Utuchi wa paini, ngakhale ukupezeka wambiri kwa ocheka matabwa, uli ndi utomoni umene umachedwetsa ulusi. Poyamba gwirani mapesi. Akazizira, finyani m'dzanja: pagwe dontho limodzi kapena awiri basi. Akamachucha, thumba lidzanunkha chowawasa n'kuola kunsi. Kilogalamu 1 ya mbewu imakwana makilogalamu 20 mpaka 25 a mapesi onyowa. Sambani m'manja ndi sopo, ikani mapesi ndi mbewu mosanjikiza, tsinderani, mangani, n'kuboola timabowo ndi singano yoyera.

Matumba akhale mumdima m'chisakasa cha udzu masabata 3 kapena 4 mpaka ayere onse. Lomwe lachita nkhungu yobiriwira litulutseni lisanapatsire anzake. Gwero lake kawirikawiri ndi kuphika mapesi mosakwanira kapena kuthira mbewu ndi manja akuda. Akayera, chekani mabowo akulu ndi lezala, lowetsani kuwala pang'ono ndi mpweya, ndipo muzinyowetsa pansi ndi makoma a udzu kawiri kapena katatu patsiku, osathira madzi m'thumba. Bowa akatuluka ndi miyendo italiitali ndi tizipewa ting'onoting'ono, ndiye kuti m'chisakasamo mpweya ukuchepa. Timabowa tikamauma tisanakule, chinyezi ndi chochepa. Thyolani phava lonse pakatha masiku 4 kapena 5 chiphukireni, m'mphepete mwa chipewa musanapindikire m'mwamba. Thumba limodzi limabala maulendo atatu, motalikirana pafupifupi masabata 2, koma ulendo woyamba ndiwo wochuluka. Kutentha kwa Okutobala kumavuta, makamaka kumunsi monga ku Chingale ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, choncho matumba oyamba muwayambe mvula ikagwa kapena ikangotha, ndipo akhale 10 okha mpaka dzanja lizolowere.