Mapu a kwathu opachika pakhoma: yankho kwa achemwali a ku Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akukhala ku Johannesburg koma kwawo ndi ku Mulanje. Akufuna kupanga mapu aakulu osonyeza phiri ndi midzi yozungulira, awaike mu felemu, akawapatse bambo awo pa Khirisimasi. Akuti anajambula zimene zimaoneka pa Google Maps pa laputopu yawo, napita nazo kosindikiza, koma chimene chinatuluka ndi chimbuuzi chokhachokha, mayina osawerengeka n'komwe. Funso lawo ndi lakuti, kodi pali pulogalamu yaulere yochitira zimenezi, kapena angolemba katswiri ganyu?

Achemwali, ndalama ya ganyuyo sungani, mudzagulire felemu yabwino. Ntchitoyi mutha kuigwira nokha, bola mupatule madzulo atatu kapena anayi.

Tiyambe ndi chimbuuzicho. Chithunzi cha pa sikirini ndi timadontho toyalidwa, ndipo pa malaputopu ambiri timakhala 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi. Pepala la A1, lomwe ndi mamilimita 594 kwa 841, limafuna timadontho pafupifupi 7,000 kwa 9,900 kuti lituluke lowala pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Ndiye inu munafuna kufunditsa bedi lonse ndi kampango ka m'thumba. Makina osindikizira sanalakwe, anangokoka kansaluko mpaka kang'ambika.

Njira yake ndi yakuti musatenge chithunzi cha mapu, koma mutenge mizere yeniyeniyo, ya misewu, mitsinje ndi malire, imene kompyuta imaijambula mwatsopano pa saizi iliyonse. Mizere imeneyi ili pa OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene Steve Coast anayambitsa ku UK mu 2004 ndipo amajambulidwa ndi anthu wamba ongodzipereka. Pitani pa tsamba la Geofabrik, sankhani Africa kenako Malawi, mukopere fayilo ya shapefile, mtundu wa fayilo yosunga mizere ya mapu. Muli zonse: misewu payokha, mitsinje payokha, mayina a malo paokha, nyumba pazokha. Pulogalamu yotsegulira ndi QGIS, imene inayamba mu 2002, ndipo ndi yaulere ndithu pa Windows, Mac ndi Linux. Pa tsamba la QGIS tengani ija yolembedwa LTR, yosamalidwa kwa nthawi yaitali, ndi imene sivutavuta.

Mukangotsegula, musanachite chilichonse, yang'anani kumunsi kudzanja lamanja pamene palembedwa EPSG, nambala youza QGIS mmene iyalire dziko papepala. Sinthani pakhale 32736. Nambala imeneyi ndi ya UTM zone 36S, chigawo chimene Malawi yense alimo, ndipo ndi imene imachititsa kuti kilomita ikhaledi kilomita papepala.

Tsopano phirilo. Mapu a Mulanje opanda phiri ndi nsima yopanda ndiwo, ndipo OpenStreetMap sikupatsani mithunzi ya zitunda ndi zigwa. Imeneyo mumaipanga kuchokera ku deta ya SRTM, yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, imene chombo cha Endeavour chinayeza chili m'mlengalenga mu February 2000. Kadontho kalikonse ndi mamita pafupifupi 30, ndipo imapezeka mwaulere pa tsamba la EarthExplorer mukatsegula akaunti. Mukailowetsa mu QGIS, muisunge kaye pa 32736 paja, kenako pa menyu dinani Raster, Analysis, Hillshade kuti mthunzi upangike. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ine ndinakhala chete kwa kanthawi ndithu. Chambe anangodzuka pa sikirini ndi thanthwe lake lija, chigwa cha Ruo chinazama, mpata wa Fort Lister unaonekera bwinobwino pakati pa phiri lalikulu ndi Michesi. Mthunziwo muuike pansi pa zonse, ndipo muuwalitse kuposa mmene maso anu akufunira, chifukwa inki papepala imada kuposa kuwala kwa pa sikirini.

Za sikelo musavutike nazo. Pa 1:50,000, sentimita imodzi ndi theka la kilomita, choncho A1 imanyamula makilomita pafupifupi 30 kwa 42. Phiri lonse likwanamo, pamodzi ndi boma, Chitakale, Likhubula ndi msewu wa M2 wopita ku Muloza. Ngati mudzi wanu uli kutali ndi phiri, kwezani nambalayo ifike 75,000.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna mumve bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amaonongera. QGIS ikakupatsani zinthu zonsezo, mtima umafuna kuika zonse: nyumba iliyonse, kanjira kalikonse, mjigo uliwonse. Zotsatira zake ndi phala. Mapu a pakhoma munthu amawaona ataima patali mamita awiri, kapu ya tiyi ili m'manja. Ine ndimasiya misewu ikuluikulu, mitsinje, phiri, ndi mayina osapitirira makumi atatu kapena anayi. Mitundu itatu basi. Nyumba ndimazimitsa, kupatula za mudzi umene mapuwo akupangidwira.

Ndipo mayinawo musawakhulupirire msanga. Madera ambiri akumidzi anajambulidwa pa OpenStreetMap ndi anthu okhala kutali, akuyang'ana zithunzi za setilaiti, makamaka pakagwa ngozi ngati namondwe wa Idai mu 2019. Anagwira ntchito yotamandika, madenga ndi misewu anazijambula, koma denga silinena dzina la mudzi. Mupeza midzi ina ilibe dzina, ina yalembedwa mopotoka, kamtsinje kamene munkachapako kali mzere wabuluu wopanda mwini. Ndiye imbirani foni azakhali anu kapena amalume, osati bambo poti ndi chinsinsi, muwafunse: kamtsinje ka kuseri kwa sukulu kaja dzina lake n'chiyani? Dambo lija? Manda akale ali mbali iti? Kenako pangani leya yanu ya madontho, gawo lapadera loyala pamwamba pa mapu, podina Layer, Create Layer, muziika kadontho ndi kulemba dzina. Sapitwa ndi mamita ake 3,002 aliyense amamudziwa. Chimene chidzawaimitse bambo anu pafupi ndi khoma, chala chili papepala, ndi dzina la chitsime cha agogo awo, limene silili pa mapu ena alionse. Ngati muli ndi mtima wabwino, mayina a midzi ndi mitsinjewo mukawalembenso pa OpenStreetMap penipenipo, akaunti yake ndi yaulere.

Kuyala pepala n'kosavuta. Project, New Print Layout, dinani kumanja pa pepalalo musankhe A1, kokani bokosi la mapu, lembani sikelo, ikani mutu ndi kamzere koyezera mtunda. Siyani mpata wa masentimita atatu m'mbali monse kuti felemu isadye mayina. Pansi pakona lembani timawu takuti © OpenStreetMap contributors. Limenelo ndi lamulo la laisensi yawo, ndipo mukalitsata mutha ngakhale kugulitsa mapuwo.

Potulutsa sankhani PDF, 300 dpi, ndipo pa nkhani ya zilembo sankhani kuti zituluke ngati paths, kutanthauza mizere yojambulidwa. Ndinaphunzira movutikira. Ndinapanga mapu a nyanja, mutu wake Nyanja ya Malaŵi, ndi zilembo zokongola zimene ndinazipeza pa intaneti. Kompyuta ya kosindikizako inalibe zilembo zimenezo, inasankha zake, ndipo pamalo pa ŵ panatuluka kabokosi. Ndinazindikira pepala lonse litatuluka kale, ndalama nditalipira. Zilembo zikasanduka mizere, kompyuta ya eni ake ilibenso chonena. Mukafuna kukongoletsa zina ndi zina, PDF yomweyo imatseguka mu Inkscape, nayonso yaulere, koma kwa mapu oyamba sindikuona chifukwa.

Kosindikiza, funani malo amene amasindikiza mapulani a nyumba kapena zikwangwani, ndi amene amakhala ndi makina a pepala lalikulu. Musanalipire A1, apempheni asindikize kachigawo kamodzi pa A4 koma pa saizi yake yeniyeni, osachepetsa. Kapachikeni pakhoma, mubwerere m'mbuyo mamita awiri. Dzina limene simukuliwerenga, bambo anu sadzaliwerenganso, likulitseni. Pepala sankhani losanyezimira, chifukwa lonyezimira likalowa kuseri kwa galasi limangobweza kuwala kwa pawindo.

Felemu musagulire ku Johannesburg, galasi silingapirire ulendo wa basi wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Pindani mapuwo mozungulira, muwalowetse mu paipi ya pulasitiki ya mapulambala, mutseke uku ndi uku, felemuyo akakukhomereni akalipentala a ku Limbe kapena ku Chitakale. Sindikizani awiri. Enawo, a pepala wamba lotchipa, mukawapatse bambo pamodzi ndi pensulo, chifukwa ndikukuuzani, pofika madzulo adzakhala atapeza kale mayina atatu oti mukonze.