Masekondi 90 amenewo ndimawadziwa

Achimwene, nkhani yanu ya laputopu yochedwa kuyaka yandikumbutsa zowawa. Yanga inali HP yakale, Windows 10 mbali ina, Ubuntu (mtundu wa Linux) mbali ina. Ndinaipereka kwa mnyamata wina wokonza makompyuta mtauni kuti angowonjezera malo ku Windows basi. Itabwerako, Ubuntu inayamba kuchedwa ngati minibasi yodikira kudzaza pa depoti.

Tsiku lomwe sindidzaliiwala ndi lokaonetsa pulojekiti kwa aphunzitsi. Atatu akhala kutsogolo, projector yayaka kale, ine ndayatsa laputopu. Sikirini yakuda bii, tinyenyezi tofiira tikungoyenda uku ndi uku, pambali palembedwa "A start job is running for dev-disk-by..." ndipo ikuwerenga masekondi mpaka 1min 30s. Batire ili pa 9%, chaja ndaiwala ku hostel. Mphunzitsi wina anayang'ana wotchi yake, kenako n'kundiyang'ana ine. Thukuta kamukamu, ndinaganiza kuti yaima, n'kuizimitsa pa batani. Kuyatsanso, kuwerenga kuja kunayambira pa ziro. Mnzanga kumbuyo anachita kuseka mokweza.

Nditabwerera kwa mnyamata uja, sanayatse n'komwe. Akuti hard disk yafa, gulani SSD, disk yothamanga kuposa hard disk. Ndinadya ndalama ya lendi, iye anakopera zonse mu SSD, vuto lili pompo! Foni anasiya kuyankha. Anthu amenewa akangodziwa kuika Windows ndi flash, basi ndi ma engineer.

Chonsecho ndi iyeyo anafufuta swap partition (gawo la disk lomwe Ubuntu imagwiritsa ntchito RAM ikachepa) pokuza Windows. Mu /etc/fstab, fayilo yolembamo ma partition ofunika poyaka, munatsala UUID (nambala yozindikirira partition) ya swap yakale, ndiye systemd, pulogalamu yoyatsa Ubuntu, imadikira chinthu chomwe kulibe mpaka masekondi 90 akwane. Mu terminal lembani sudo blkid kuti muone ma UUID omwe alipo, muyerekeze manambalawo ndi a mu fstab. Mzere wa swap womwe UUID yake sikupezeka, ikani # kutsogolo kwake. Muonenso /etc/initramfs-tools/conf.d/resume, ngati muli UUID yomweyo lembani RESUME=none, kenako sudo update-initramfs -u. Ngati si zimenezi, systemd-analyze blame ikuuzani chomwe chikudya nthawi. Ku Windows zimitsani Fast Startup mu Power Options, chifukwa imeneyi sizimitsiratu kompyuta, ndipo Ubuntu imakana kulemba pa partition ya Windows. GRUB_TIMEOUT ya mu /etc/default/grub, nthawi yodikira kuti musankhe Windows kapena Ubuntu, mutha kuitsitsa kufika pa masekondi 3, osaiwala sudo update-grub.

Musapatse munthu laputopu yanu, konzani nokha. Komabe ngati fstab simunaitsegulepo, osaigwira muli nokha, mzere umodzi wolakwika mudzipeza mu emergency mode, Ubuntu itakana kuyaka bwinobwino, usiku wa mayeso. Pezani wodziwa akhale pambali. Ndipo SSD gulani ndithu, ngakhale ine sinandithandize pa vuto lija, pano Windows imayaka ndisanathire shuga mu tiyi.

Ponyani screenshot ya blkid ndi fstab pompano tione.