Gitala ija uyichotse kaye pansi pa bedi

Eee, mphwanga, uthenga wako ndaumva. Pepa ndachedwa kuyankha, ndinali mu minibasi kuchokera ku Limbe, phokoso lake sukanandimva. Ndiye ukuti gitala unagula mu Januwale ija yangokhala pansi pa bedi. Ukaweruka ku Kanengo umafika kunyumba kutada, mwana akulira, Loweruka kumakhala maliro kapena ukwati, Lamulungu kutchalitchi, ndiye ukufunsa kuti ine nthawi ndimaipeza kuti. Ndayankha pagulu pano dala, chifukwa alamu anga ali mommuno, amve nawo.

Choyamba, uyichotse pansi pa bedipo. Uyitulutsenso m'chikwama. Ndikunena zoona, usaseke. Ine ndinakhala pafupifupi chaka ndikunena kuti ndilibe nthawi, pomwe vuto linali zipi ya chikwama. Munthu wotopa sangagwade, kukoka chikwama, kupukuta fumbi, kutsegula, kutchuna... ukamafika pamenepo mtima wapita kale pa foni. Khoma msomali pabalaza, uyipachike poti ukakhala pampando ungotambasula dzanja. Koma pasakhale pomwe dzuwa limawomba kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumapinda khosi la gitala. Ndipo upachike m'mwamba ndithu, mwana wakoyo akayamba kuyenda aona ngati ndi ng'oma.

Tsono nthawi. Usadikire tsiku loti udzakhala ndi maola atatu, silibwera limenelo, ine mpaka pano sindinalione. Ndimaimba mphindi 15 zokha, m'mawa. Ndikadzuka cha m'ma 5 ndimakoleza mbaula, kutereka madzi osamba, ndiye podikira kuti atenthe ndi pomwepo. Madzi akayamba kulira mu poto, gitala pakhoma. Nthawi imeneyo inalipo kalekale, kungoti ndinkaithera poyang'ana makala. Iwenso ili penapake. Magetsi akazima madzulo anthu amangokhala kudandaula, pomwe gitala yathuyi sifuna magetsi. Mumdima ndi momwe zala zimaphunzira kupeza malo popanda maso.

Uziti nanga 5 koloko m'mawa sindidzutsa mwana ndi aneba? Tenga sokosi yakale, uyilowetse pansi pa mawaya kumunsi kuja, pafupi ndi pomwe amangidwira. Mawu amangoti thi thi thi, ngakhale wogona kuchipinda samva, koma zala zikugwira ntchito yonse. Alamu ako anandiphunzitsa zimenezi, osati mwachikondi ayi, anachita kundiponyera sokosiyo.

Chifukwa chomwe ndikukakamira za tsiku lililonse ndi zala. Masabata awiri kapena atatu oyamba nsonga za zala zakumanzere zimawawa ngati wagwira poto wamoto. Kenako khungu limauma, ululu umatha. Koma ukamaimba Loweruka lokha, khungu limafewanso mkati mwa sabata, ndiye Loweruka lililonse umayambira pomwe unayambira, mapeto ake umati gitala si yanga. Ambiri amasiyira pamenepo. Wenga zikhadabo za kumanzere zikhale zazifupi. Uonenso ngati mawaya sanatalikirane kwambiri ndi khosi. Pa fret ya 12, kutanthauza kachitsulo kopingasa ka nambala 12 pakhosi paja ukawerenga kuchokera kumutu kwa gitala, mpata uzikhala wa mamilimita awiri kapena atatu. Ukaposa pamenepo ukuvutika ulere, upite nayo kwa wokonza, kapena ugule mawaya opyapyala, a saizi 10 kapena 11. Magitala otchipa ambiri amabwera choncho.

Dikira pang'ono... iwe, tseka chitseko, udzudzu! Pepa, ndi mwana wangayu.

Ndimati chani? Eya, zochita pa mphindi 15 zija. Usayambe ndi kutsegula YouTube. Ukatero bandulo itha, nthawi itha, iwe utaonera azungu asanu akuimba koma osakhudza waya ngakhale umodzi. Foni uyigwiritse ntchito potchuna basi, mawaya onse 6 akhale pa E A D G B E, ukatha uyitembenuze. Mavidiyo uzionera pa nkhomaliro kuntchito, usankhe chinthu chimodzi choti ukayese mawa. Tenga makodi atatu, G, C ndi D (makodi ndi magwiridwe a zala pa mawaya angapo kuti alire pamodzi). Uzisintha kuchoka pa G kupita pa C kwa mphindi imodzi, ukuwerenga kuti wasintha kangati, ulembe pa kalendala. Mawa uyesenso. Poyamba manambala ake amachititsa manyazi, koma amakwera, ndipo ndi amene amakulimbitsa mtima masiku omwe khutu likukuuza kuti palibe chikusintha. Ndi makodi atatu amenewo, ukawonjezera Em, makolasi ambiri a kutchalitchi uwaperekeza bwinobwino. F umusiye kaye. Ameneyo ndi mfiti, wathamangitsa anthu ambiri, udzakumana naye zala zikakhwima.

Tsopano iyi ndi yomwe ndimafuna alamu amve. Mphwanga, usamafike kunyumba n'kuthamangira gitala pomwe mayi a mwana akhala naye pamsana tsiku lonse, ndiwo zili pamoto. Ukatero gitala isanduka mkazi wachiwiri, ndipo tsiku lina udzaipeza yathyoka khosi, aliyense akuti sakudziwa chachitika. Ine zinatsala pang'ono kundichitikira. Yamba walandira mwana, umusambitse, mayi ake apumeko. Akamagona muimbire pang'onopang'ono, makodi ako atatu omwewo. Khanda silidziwa kuti walakwitsa. Apo waimba, walera, ndipo palibe amene akukuyang'ana ndi diso lofiira. Alamu, ngati achita zimenezi, mphindi 15 zokhazo muwapatse, musawatume mchere pakati pa nyimbo.

Masiku ena uphonya, mwana akadwala kapena kuntchito akakuchedwetsani. Zisakudetse nkhawa, ungoonetsetsa kuti asadutse masiku awiri otsatizana. Ngakhale kungoigwira mphindi zitatu uli chiimire. Mvula ikayamba uzipukuta mawaya ndi kansalu kouma ukamaliza, thukuta ndi chinyezi zimawachititsa dzimbiri msanga.

Lamulungu madzulo utijambulire G, C, D, utumize pagulu pompano, ngakhale zikumveka ngati nkhuku yanyowa. Achemwali aseka, asiye aseke, iwowo kwaya anaithawa. Basi, nsima yafika patebulo, alamu ako akundiyang'ana. Upereke moni kunyumbako.