Za njanji ya ku Nsanje ija, komanso chifukwa chake sitima sinafike kuno ku Mangochi

Achimwene mwafunsa kuti njanji ija yodutsa ku Luchenza kutsikira ku Nsanje inafera pati, ndiponso ngati n'zotheka ife a kuno ku Mangochi kusonkherana ndalama n'kukaiona ngati ulendo wa gulupu. Ndaona ena akuyankhani kale kuti mukufuna mukaone zitsulo zadzimbiri basi? kkkk ine ndikuti dikirani kaye, ndiyankha motalika ndithu, amene bandulo yanu ndi yochepa mundikhululukire. Malemu agogo anga aamuna anagwirako ntchito ya pa njanji ku Limbe asanabwerere kumudzi kuno, ndipo ineyo sitima ya ku Makhanga ndinakwerapo isanasiye kuyenda, ndiye nkhaniyi imandikhudza.

Choyamba chimene anthu ambiri sadziwa n'choti njanji imeneyi ndi nkhani yathunso ife a ku Mangochi ngakhale sitinaonepo bogi ndi limodzi lomwe pa boma pano. Kale njanji kulibe, katundu yense wa azungu ankachokera ku Chinde kunyanja ya mchere, pa masitima a pamadzi kukwera Zambezi, kulowa mu Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Kufika pamenepo mathithi aja a Kapichira ndi anzake amatseka njira, ndiye anthu amtengatenga amasenza zonse pamutu kukwera phiri mpaka Blantyre, kutsetserekera ku Matope, kenako pamadzi kachiwiri mpaka kuno. Nthawi imeneyo pano pankatchedwa Fort Johnston, anakhazikitsa mu 1891, ndipo ndi pano panali chipata cholowera m'nyanja yonse. Wopita ku Likoma, ku Nkhotakota, ku Karonga, amadutsa pakhomo pathu pano. Ndiye vuto linali loti madzi a Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, masitima kumangotitimira mumchenga, kwinaku azungu a minda ya m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje akudandaula kuti anthu onse athera ku mtengatenga m'malo mowalimira. Musaganize kuti anatimvera chisoni makosi athu ayi, ankafuna manja omwewo kumunda. Mmodzi wa amene anakankha kwambiri nkhani ya njanji anali Eugene Sharrer, mwini malo ambirimbiri, ndipo kampani yake inkatchedwa Shire Highlands Railway.

Sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Poyamba ankafuna ayambire pa Chiromo pomwe Ruo amathira mu Shire, koma madzi anapitiriza kuphwa mpaka masitima a pamadzi kulephera kufika pa Chiromo pomwepo, basi anaitsitsa mpaka Port Herald. Nakonso sikunathandize, mu 1915 anailumikiza mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi ku Mozambique, mu 1922 ina yochokera ku Beira inafika tsidya linalo, anthu ndi katundu kumawoloka pa pantoni pakatipo, mpaka mu 1935 pomwe anamaliza mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara. Mlatho umenewo ndi wautali makilomita opitirira atatu ndi theka, agogo ankati ukakhala mu bogi umayamba kukayika ngati tsidya linalo liliko. Mukaona bwino njanji yonseyi inkangothamangitsa madzi omwe ankathawa.

Tsono apa ndi pomwe pamandiwawa ine ngati mwana wa kuno. Pomwe ankakambirana zoti njanji ichoke ku Blantyre ikafike kunyanja, Fort Johnston inali m'gulu la malo omwe ankawaganizira. Koma zaka zimenezo nyanja inatsika kwambiri, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 Shire anachita kutsekeka ndi mchenga ndi bango potulukira pake, doko lathu linafa lokha. Ndiye njanji inakhotera ku Balaka, kudutsa Golomoti, Chipoka mpaka Salima mu 1935, ife kutisiya pambali ngati mwana wamasiye pa phwando. Chipoka ndi amene anadya phindu lathu. Ngakhale Ilala yomwe timanyadira ku Monkey Bay ija, anaipanga ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa pa Beira, n'kukwera njanji yomweyi kudutsa Nsanje, Chiromo, Limbe mpaka Chipoka, kenako anadzailumikiza ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951. Ndiye amene mukuti zitsulo zadzimbiri, Ilala yanuyo inadutsa pa zitsulo zimenezo.

Za imfa yake, njanjiyi sinafe tsiku limodzi, inafa chiwalo chiwalo. Chenjezo loyamba linabwera mu 1948 pomwe madzi anakokolola mlatho wa pa Chiromo, ndipo tsoka lake chaka chotsatira kunagwa njala ija ya 1949 imene agogo athu amaitchulabe, chimanga chochokera kunja kumachita kuwolotsedwa pamadzi pa Chiromo chifukwa mlatho watsopano unatha mu 1950. Kenako mu 1970 a Kamuzu anatsegula njanji ina yochokera pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka Nayuchi yolumikizana ndi doko la Nacala, ndiye ya ku Beira inapeza mkazi mnzake. Koma chimene chinaidula msana ndi nkhondo ya ku Mozambique ya Frelimo ndi Renamo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 masitima analeka kupita ku Beira, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Kuyambira pamenepo sitima imangothera m'dziko momwe muno. Mu 1997 madzi osefukira anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo, malo aja amati pa Mtayamoyo, dzina lokhalo likukuuzani, ndiye Bangula, Tengani, Nsanje ndi Marka anasanduka amasiye, sitima kumathera pa Makhanga. Yomaliza ndi ya madzi a mu January 2015, Ruo atalusa n'kusiya njira yake, pamenepo ndi ya ku Makhanga yomwe inatha. Namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anangodzamenya munthu wogona kale.

Ine ndinakwera madzi a 2015 asanabwere, inkayenda kamodzi pa sabata kuchokera ku Limbe, ndipo ndikuuzeni achimwene sindinaonepo msika woyenda ngati umene uja. Kuchoka ku Limbe mu bogi muli malo, kufika pa Luchenza anthu ayamba kudzaza, pa Khonjeni nthochi zayamba kulowera pawindo, mikoko yathunthu, nanazi, nzimbe, nkhuku zomangidwa miyendo pansi pa mpando, mayi wina anandisungitsa mwana wake kwa ola lathunthu iye akugulitsa mandasi bogi ndi bogi, osandifunsa n'komwe dzina. Kuchokera pa Sandama sitima imayamba kutsetsereka motsatira Ruo, mbali ino phiri mbali inayo mtsinje, tsidya lake ndi Mozambique ukuona anthu akuchapa, kudutsa Thekerani, Sankhulani, kuzizira kwa ku Thyolo kukutha pang'onopang'ono mpaka uyambe kuvula juzi wekha. Pa siteshoni iliyonse mudzi wonse umabwera, ngakhale amene alibe chogulitsa, kudzangoona. Anthu a m'midzi imeneyo misewu yawo ndi yovuta kwabasi nthawi ya mvula, sitima ija inali basi yawo, lole yawo, ambulasi yawo. Ndiye mukamapita kumeneko muzidziwa kuti kwa inu ndi zokaona, kwa iwo ndi chilonda, nthochi zimene zinkapita ku Limbe pa mtengo wochepa pano mavenda amagula mmene afunira.

Tibwere ku ulendo wanuwo. N'zotheka, koma chotsani m'mutu zoti mukakwera sitima kuchokera ku Limbe mpaka Nsanje, kapena zoti mukapeza munthu wovala yunifomu atanyamula kambendera akukufotokozerani. Uwu ndi ulendo wodzikonzera nokha, ndipo ine ndingakonde anthu ochepa, okwana minibasi imodzi kapena magalimoto awiri okwera pansi, masiku atatu kapena anayi. Ndipo muyambire pompano. Ndi angati pa gulupu pano amene munalowapo mu miyuziyamu yathu ya pa boma ija? Timangodutsa pa kabaza tsiku ndi tsiku. Pali nsanja ya wotchi ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, mfuti ya sitima ya Guendolen imene inawombera sitima ya Majeremani mu 1914, ndi chikumbutso cha anthu amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mukaona zimenezo mumvetsa kuti pano panali doko lenileni lomwe njanji inkayenera kudzalipeza. Kenako pa Liwonde muime muone mlatho wa njanji ya ku Nayuchi, imeneyo ndi yamoyo, masitima aataliatali a malasha ochokera ku Moatize amadutsa pomwepo kupita ku Nacala, chonde ana musawasiye kusewera pa njanji imeneyo. Ku Blantyre mulowe ku miyuziyamu ya ku Chichiri, panja pake pali mainjini akale oyendera nthunzi, kamodzi kakang'ono kotchedwa Shamrock ndi ka nthawi yomanga njanjiyi, mukakaona mudzadabwa kuti kanthu kameneka ndi kamene kanayamba zonsezi.

Kuchokera ku Limbe njira zimagawikana ndipo musayese kuziphatikiza tsiku limodzi, ine ndinayesapo ulendo wina ndi anzanga awiri tinagona panjira matako akupweteka. Tsiku limodzi likhale la kumtunda, Luchenza, Khonjeni, Sandama, ngati miyendo ilipo mukafike pa mathithi a Zoa pa Ruo, amenewo okha akubwezerani ndalama ya mafuta. Chigawo cha Limbe mpaka Sandama anachikonzanso zaka zapitazi ndiye musayende pakati pa njanji ngati yakufa. Tsiku linalo ndi la kuchigwa, kutsika phiri la Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula pa M1, pamenepo ndi pomwe mukaone pomwe njanji inadukira. Kuwoloka kupita mbali ya Chiromo ndi Makhanga ndi pa bwato, ndipo pano ndikunena mosaseka, ife a kunyanja timadzimva kuti madzi timawadziwa koma Shire wa kumunsi uja ndi wina, ng'ona ndi mvuu za ku Elephant Marsh si zocheza nazo, bwato likadzaza dikirani lina, musapikisane ndi eni ake amene anazolowera. Amene mukuopa madzi pali njira ya ku East Bank yokhotera pa Thabwa, koma imeneyo ndi ya nthawi ya chilimwe basi.

Nthawi yabwino ndi June, July, August. October musayerekeze, mukuganiza kuti Mangochi imatentha, pitani ku Bangula mu October mukabwerako mukupepesa. Nthawi ya dzinja ndiye musatchule n'komwe.

Ku Nsanje boma mukaone siteshoni yakale ndi doko lija a Bingu anatsegula mu 2010, lili phee mpaka lero, ndiye pamalo amodzi mukuona maloto awiri a mibadwo iwiri atagona moyandikana, koma za ndale tisalowemo tingakanganepo pano kkkk. Mukapitirira mpaka ku Marka kumalire mupezako chosangalatsa pang'ono, mbali ya Mozambique anakonza yawo, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patatha zaka zoposa 40, ntchito yomanganso chigawo cha Marka mpaka Bangula inayambika. Koma pokhapokha pa Chiromo patamangidwa mlatho ndi mtunda woti Ruo ndi Shire asamaukokolole, njanji imeneyo ikhalabe zidutswa ziwiri zosaonana, ndipo mmene mitengo yathera m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje, mchenga wonse ukutsikira komweko, ineyo sindiyembekezera kukweranso ya ku Makhanga posachedwa.

China chomwe ndikupempheni, pa siteshoni iliyonse yakale mukafika musangotulutsa mafoni n'kuyamba kujambula. Nyumba zambiri za njanji zija muli anthu, ena ndi ana a ogwira ntchito akale. Perekani moni, funsani kwa amfumu, kenako funsani ngati pali agogo amene anagwirako ntchito pa njanji kapena amayi amene ankachita geni pa sitima. Muwatengere kenakake, shuga, sopo, ndipo ife a ku Mangochi tili ndi mwayi, kathumba ka usipa wouma kapena utaka kumtunda kuja ku Thekerani kamatsegula pakamwa kuposa ndalama. Ine zambiri zomwe ndalemba za mu bogi ndi pa masiteshoni ndinazimva choncho, titakhala pa mkeka. Ndipo musatole kanthu, kaya bawuti kaya kachitsulo koti mukaike pa shelefu, ndi mlandu, komanso akuba zitsulo awononga kale mokwanira, mungakathere ku polisi ya ku Bangula ulendo usanathe.

Za ndalama muwerengere mafuta ochokera kuno mpaka Marka ndi kubwerera, malo ogona usiku umodzi ku Limbe kapena Luchenza ndi wina ku Nsanje kapena Bangula, ya bwato, ndi ya njinga zamoto za ku Sandama chifukwa minibasi siikafika pa Zoa. Mitengo sindilemba pano, mmene mafuta akusinthiramu ndingakunamizeni. Mukagwirizana tsiku la mu July mundiuze achimwene, ine mpando wakutsogolo ndi wanga, bondo langa lamanzere silipindika bwino.