Manyowa ndi laimu angachiritse nthochi zofota?

Mayi wina wandilembera imelo kuti nthochi zake zikuchita chikasu masamba akunsi, kenaka masambawo amathyoka n'kulendewera pa thunthu. Akufunsa chothira m'nthaka kuti zichire. Mayi, funso lanuli landifika pamtima.

Azakhali anga ku Karonga anali ndi nthochi za mtundu wa Harare kuseri kwa nyumba, zimene zinatilipirira fizi ife ana a mlongo wawo. Zitayamba kufota, kunabwera munthu ndi mabotolo a mankhwala opopera, nkumalumbira kuti pakatha mwezi zidzadzuka. Azakhali anagulitsa mbuzi. Anapopera masamba m'mawa ndi madzulo, koma phata lililonse linkagwa motsatizana. Tsiku lina tinadula thunthu limodzi ndi chikwanje: m'kati munali mizere yofiirira, yakuda, kuyambira ku chitsa kukwera m'mwamba, kunja litang'ambika chakumunsi. Matendawo anali mu mizu, ife tikulimbana ndi masamba. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anansi ankabwera kudzapempha ana a nthochi, azakhali n'kumapereka mwaulere, osadziwa kuti akugawa matenda mudzi wonse.

Ndinena mosapsatira: kufota kwa nthochi kotereku ndi matenda a Panama, ndipo wogulitsa botolo lochiza matendawa ndi wakuba. Fangasi ya Fusarium, imene imayambitsa matendawa, imalowera ku mizu, n'kutseka njira za madzi, ndipo imatha kukhala m'nthaka zaka 30 ngakhale nthochi mutazizula. Makampani akuluakulu olima nthochi ku Central America anagonja nayo m'ma 1950, anasiya nthochi za Gros Michel n'kuyamba Cavendish. Iwowo ndalama anali nazo. Ndiye botolo la pamsika lingathe chiyani?

China chimene chimandisowetsa tulo: mtundu woopsa wa fangasiyi wotchedwa TR4, umene umapha ndi Cavendish yemwe, unapezeka ku Monapo m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 2013. Si kutali. Anthu athu amadutsa pa Muloza tsiku ndi tsiku, ena atanyamula mbewu, matope ali ku nsapato. Chisaka chinatimalizira kale nthochi ku Thyolo ndi Mulanje, kodi tikufuna tilirenso kachiwiri? Tisasokoneze chisaka ndi Panama: chisaka ndi vairasi yofalitsidwa ndi nsabwe za zomera, masamba amapanikizana pamwamba, ang'onoang'ono, oimirira.

Nanga m'nthakamo tithire chiyani?

Zothira sizichiritsa phata lodwala, koma zimathandiza kuteteza zotsalazo. Fangasiyi imakonda dothi la asidi, choncho laimu kapena phulusa la nkhuni zimathandiza. Alangizi akuyezereni dothi musanathire. Manyowa owola bwino a ng'ombe kapena kompositi ikani ochuluka m'dzenje, amachulukitsa tizilombo tabwino tolimbana nayo. Urea ndi sulphate of ammonia zimawonjezera asidi, bola feteleza wa CAN. Madzi asadikhe pa mizu, kumbani ngalande, ndipo madzi ochokera kodwalako asatsikire kwa zamoyo.

Phata lodwala lipheni pomwepo, osakokera zinyalala zake m'munda monse, ndipo khasu ndi chikwanje muzitsuke ndi Jik. Pamalopo musabzalenso Harare kapena Sukari. Williams amapirira mitundu yakale ya matendawa, koma mbewu yake itengeni kwa alangizi kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe, osati kwa mnansi.