Yankho kwa amalume pa za wotchi yoyendera kutentha kwa thupi

Malume, mwaswera bwanji? Ndingolankhula, kulemba zitalika. Ndaonera kanema mwatumiza mugulumu uja, wa wotchi yosafuna kutchaja, imene akuti imayendera kutentha kwa thupi. Mwafunsa ngati zili zoona, komanso ngati foni nayo ingatchajidwe chimodzimodzi. Za wotchizo n'zoona ndithu. Koma za foni, aaa, pamenepo ndiye ayi.

Nzeru yake si ya lero. Mu 1821 katswiri wina wa ku Germany, Thomas Seebeck, analumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, n'kutenthetsa polumikizira pamodzi, pena n'kupasiya pozizira. Anangoona kasingano ka kampasi kamene kanali pafupi kakupotoka. Iye ankayesa ndi maginito, kumeneko anali magetsi akuyenda m'zitsulomo. Kampani ya Seiko ya ku Japan inatulutsa wotchi yotereyi mu 1998, dzina lake Thermic. Ndiye mukuona, ena mugulu muno anali asanabadwe.

Tsono apa mumvetsere bwino, Malume, chifukwa wa mu kanemayo sananene. Magetsiwo amabwera pokhapokha mbali ina ikatentha kuposa inzake. Zili ngati madzi, amayenda pakakhala potsetsereka, pamalo athyathyathya amangodikha. Kunsi kwa wotchi kumagunda khungu lanu, pamwamba pake pamawombedwa ndi mpweya, pakati pali timiyala tating'onoting'ono tambiri ta bismuth telluride. Kutentha kukamadutsa m'timiyalamo kuchoka pamkono kupita kunja, m'pamene magetsi amabadwa.

M'kati mwa thupi ndi madigiri 37, koma khungu la pamkono limakhala cha m'ma 33. Kunja kukakhala 20, kawotchi kamasangalala. Kukatentha mpaka mpweya kufika 33 womwewo, basi, zathera pomwepo, ngakhale inuyo thukuta lili kamukamu. N'zoseketsa eti, tsiku limene mukumva kutentha kwambiri ndi limene kamapeza zochepa. Mukakaphimba ndi malaya a manja aatali, kamafooka. Lamba akakhwepa, kunsi kuja osagunda bwino khungu, chimodzimodzinso. N'chifukwa chake amaikamobe kabatire kosungira zimene kakolola.

Pa za foni tsopano. Munthu atangokhala phee amatulutsa kutentha kwa ma watt pafupifupi 100, ngati babu lakale lija. Zimamveka zambiri. Koma kutenthako kumatulukira thupi lonse, m'mutu, kumsana, m'mpweya umene tikupuma, pamene wotchi yagwira kadera kochepa ngati chidindo. Ndipo pa kutentha kumene kamagwirako, kosanduka magetsi sikufika n'komwe gawo limodzi pa magawo 100, poti kusiyana kuja n'kochepa. Wotchi wamba yongoonetsa nthawi imadya pang'ono zedi, cha pa microwatt imodzi, kutanthauza gawo limodzi pa magawo miliyoni a watt, ndiye imakhuta. Foni ndi chilombo china.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tingoyerekeza kuti kachipangizo ka pamkono kakupereka milliwatt imodzi, gawo limodzi pa magawo 1,000 a watt, osalekeza, ndipotu apo ndakakomera mtima. Batire ya foni zambiri za masiku ano imasunga ma watt-hour 15 kapena kuyandikira pamenepo, kutanthauza mphamvu ya watt imodzi kwa maola 15. Kuti idzaze ndi maola 15,000. Amenewo ndi masiku 625, Malume, chaka ndi miyezi isanu ndi itatu mutavala usana ndi usiku, foniyo ili chizimire.

Kumene ine ndimaona kuti zili ndi tsogolo ndi kwa tizipangizo ta odwala, timene timamatidwa pakhungu n'kumayeza kugunda kwa mtima kapena kutentha kwa thupi. Timeneto sitidya zambiri, timadzuka, kuyeza, kutumiza, n'kugonanso. Akatswiri akuyesa kupanga tofewa, topindika, toti n'kusokerera m'nsalu.

Mukafuna kugula wotchiyo, mufunse kaye ngati ili ndi njira ina yotchajira kukatentha. Ina ya kampani ya Matrix anaiwonjezera kasola. Azakhali muwapatse moni, ndiimba madzulo.